Mpata wogona kapena woimirira: polowa gudumu lakumbuyo pa njinga za trials

Ngati pali njinga pafupi, iyandikizeni, chifukwa nkhani ya leroyi imamveka bwino munthu akamaona ndi maso. Pitani kumbuyo kwake, pamene ekiselo ya gudumu imamangidwa ku fulemu. Muona tizitsulo tiwiri tathyathyathya, kena kumanja kena kumanzere, kalikonse kali ndi mpata wolowamo ekiseloyo. Opanga njinga amatitcha ma-dropout. Pa njinga zambiri za kabaza mpata umenewu ndi wogona. Ndi wautaliko, pakamwa pake paloza kumbuyo, ndipo mukamasula manati gudumu limatha kusendera kutsogolo kapena kumbuyo. Pa njinga zamagiya, zokwerera mapiri zija, mpatawo ndi woimirira. Ndi waufupi, pakamwa pake paloza pansi, ndipo ekiselo ikangolowa yafika, ilibenso kolowera.

Munthu wopalasa kupita kumsika sasowa tulo ndi kusiyana kumeneku. Koma alipo masewera ena a njinga amene tizitsulo timeneti timagamula ngati munthu atsike pamwala ali bwinobwino kapena atavulala. Masewerawa amatchedwa trials.

Mu trials mulibe liwiro. Wokwera amapatsidwa kanjira kakafupi kodzaza ndi miyala ikuluikulu, zipika, mapaipi a simenti ndi makoma, ndipo ayenera kudutsa zonsezo osaponda pansi. Phazi likangokhudza nthaka, chilango. Njinga za mpikisano zilibe n'chishalo chomwe, poti nthawi yokhala palibe. Kawirikawiri wokwera amakhala ataimika njinga pa gudumu lakumbuyo lokha, lakutsogolo lili m'malere, buleki itagwira kuti gwa. Akafuna kudumpha amasiya buleki, n'kuponda pedulo kamodzi kokha mwamphamvu, njinga n'kuuluka kukatera pamwala wina, buleki n'kugwiranso nthawi yomweyo. Ambiri anawadziwa masewerawa kudzera mu kanema wa Danny MacAskill, mnyamata wochokera pachilumba cha Skye ku Scotland, amene anatuluka pa YouTube mu April 2009, akuyenda ndi njinga pamwamba pa mipanda yachitsulo ndi makoma a mumzinda wa Edinburgh. Munthu wotero amadalira tcheni, amadalira buleki yakumbuyo, amadaliranso kuti gudumu lili pamene analisiya. Zonsezi zimakumana pa kampata kaja.

Mipata iwiriyi inalowa mu trials potsatira kumene njingazo zinachokera. Masewerawa anakulira ku Catalonia, m'dziko la Spain, m'zaka za m'ma 1970. Pere Pi, katswiri wa trials ya njinga zamoto amene ankagwira ntchito ku kampani ya Montesa, anakonzera mwana wake Ot Pi kanjinga kopalasa koti aziphunzirira. Montesa inayamba kupanga kanjingako n'kukatcha Montesita, ndipo mu 1983 Pere Pi anayambitsa kampani yake ya Monty. Ot Pi anadzakhala katswiri wa dziko lonse kangapo konse. Njinga za mtundu umenewu, za magudumu a mainchesi 20, zinali za giya imodzi kuyambira pachiyambi. Njinga ya giya imodzi imafuna njira yokungira tcheni, ndipo njira yapafupi ndiyo kukokera gudumu kumbuyo. Mpata wogona unakhazikika choncho.

Mtundu winawo, wa mainchesi 26, unachokera ku njinga zokwerera mapiri. Kwa zaka zambiri malamulo a mpikisano ankati njinga ya gulu limeneli ikhale ndi magiya osachepera 6 ogwira ntchito. Pamene pali chosinthira magiya, sipuling'i yake ndiyo imakunga tcheni, gudumu silifunika kusuntha, choncho mpata woimirira unkakwanira. Lamulo lija litachotsedwa, okwera anagulula magiya onse n'kutsala ndi imodzi, poti mu trials munthu sasintha giya. Mkangano unabadwira pamenepo. Fulemu inapangidwira gudumu losasuntha, koma tcheni chilibenso chochikunga. Opanga ena anasamukira ku mpata wogona ngakhale pa mainchesi 26, ena anakakamira woimirira n'kuikapo kachipangizo kapadera kokungira tcheni.

Tisanagamule, tiyeni tione mphamvu imene imadutsa mu tcheni, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Njinga zambiri za trials zili ndi sipuloketi ya mano 18 kutsogolo, ndipo kumbuyo mano 12 pa mainchesi 20, kapena mano 15 pa mainchesi 26. Sipuloketi ya mano 18 ndi yaing'ono zedi: kuchoka pakati kufika pa mano ndi mamilimita pafupifupi 36. Mkono wa pedulo ndi mamilimita pafupifupi 170. Ndiye kuti kulemera kumene mwaika pa pedulo kumafika mu tcheni kutachuluka kupitirira kanayi ndi theka. Munthu wa makilogalamu 70 akangoimirira pa pedulo, buleki itagwira, tcheni chimakokedwa ndi mphamvu ya makilogalamu oposa 320. Munthu yemweyo akakwera njinga wamba ya mano 44 kutsogolo, tcheni chimamva makilogalamu pafupifupi 135 okha. Mwamva kusiyana kwake, 320 ndi 135. Ndipotu uku n'kungoimirira chabe. Wa trials amaponda mwadzidzidzi, thupi lonse, manja akukoka mahandulo.

Mphamvu yonseyo imakokera mbali yakumanja ya ekiselo kutsogolo. Mu mpata woimirira, kutsogolo kwa ekiselo kuli chitsulo cha fulemu, ilibe kothawira. Mu mpata wogona, kutsogolo kuli njira yotseguka, ndipo chogwira ekiseloyo ndi kuthina kwa manati basi. Ikangoterereka pang'ono, gudumu limakhota, tayala n'kuyamba kukhula fulemu kumanzere, tcheni n'kukhwefuka, buleki n'kusiya kuyang'anana bwino ndi limu. Abale athu a kabaza amalidziwa vutoli. N'chifukwa chake njinga zawo zili ndi tizitsulo tokokera, tokhala ndi kanati kumapeto, timene timagwira ekiselo kuti isathawire kutsogolo. Anyamata a njinga za BMX amagwiritsanso ntchito tomweto.

A trials anabwereka njira ina ku njinga zamoto. Ndi kachitsulo kopyapyala kotchedwa snail cam, kozungulira ngati chigoba cha nkhono. Mbali ina m'mphepete mwake muli pafupi ndi bowo la pakati, ndipo mukamazungulira m'mphepetemo mumanka mutalikira. Kamavekedwa pa ekiselo, m'mphepete mwake n'kutsamira pa kabawuti komangidwa ku fulemu chakutsogolo kwa mpata. Mukakapotoza, kamakankhira ekiselo kumbuyo, ndipo tcheni chikakoka, kabawuti kaja ndi kamene kamakaniza.

Taonani wokonza ali pa ntchito imeneyi. Njinga waigoneka chagada, mabawuti a ekiselo wawamasula pang'ono chabe. Akankha kachitsulo kakumanja dzino limodzi, adina tcheni ndi chala. Chikadali lende. Akankhanso dzino lina, chathina mopitirira. Abwerera. Apita kumanzere kuti gudumu likhale pakati penipeni, diso lili pa danga la pakati pa tayala ndi fulemu, uku ndi uku. Zonse zakhala bwino, atenga sipanala kuti amange bawuti yakumanja, ndipo pomangapo kachitsulo kaja katembenuka limodzi ndi bawutiyo. Ayambirenso. Tizitsuloti tilipo ta mano, tiliponso tosalala. Ta mano sitibwerera tokha, koma nthawi zina kuthina koyenera kumagwera pakati pa mano awiri. Tosalala timalola kuthina kulikonse kumene mukufuna, koma timatha kuterereka njinga ikamenyedwa.

Ubwino wa mpata wogona sindingaukane, ndipo ndi waukulu. Pansi pa fulemu palibe cholendewera. Mu trials njinga imamenyedwa m'mbali tsiku ndi tsiku. Munthu akadumphira pakhoma cham'mbali, chakumanja, n'kuperewera, chimene chimayamba kugunda konkire ndi chilichonse chotulukira kunja pafupi ndi ekiselo. Pa mpata wogona palibe sipuling'i yoti ifooke, palibe kagudumu kakang'ono koti kasweke. Njinga imapepukanso, ndipo pa masewera amene munthu amanyamula njinga ndi thupi lake, galamu iliyonse amaiwerengera. Tcheni chimayenda chowongoka kuchoka ku sipuloketi ina kufika ku inzake, ndipo wokwera amamva kuti akaponda, gudumu layankha nthawi yomweyo. Akatswiri ambiri a mainchesi 20 apambana mipikisano ya dziko lonse pa mafulemu otere, choncho palibe anganene kuti njirayi siigwira.

Koma ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umabisala. Pa njinga zambiri za trials filiwilo ili kutsogolo, pa mkono wa pedulo, ndipo kumbuyo kuli sipuloketi yomangika ku habu. Ndiye kuti gudumu likamayenda, tcheni nacho chimayenda ngakhale simukupalasa. Filiwilo yochita kupotera sikhala pakati penipeni, imapendekera pang'ono mbali imodzi. Zunguzani pedulo pang'onopang'ono chala chili pa tcheni, mumva chikuthina pena, chikukhwefuka pena. Tsono mukunge potengera pati? Mukatengera pokhwefuka, pothina paja pamadya mabeling'i a filiwilo, a habu, ndi a pakati pa mapedulo, ndipo tcheni chimakhala chokokedwa kale musanachiponde n'komwe. Mukatengera pothina, pokhwefuka paja tcheni chikhoza kulumpha dzino. Onjezerani kuti fulemu nayo imapindika pang'ono munthu akaponda ndi mphamvu zonse. Mpata wogona sutsatira zimenezi. Umagwira gudumu pamalo amodzi, ndipo malowo amakhala oyenera pa mbali imodzi yokha ya kuzungulira kwa pedulo.

Kulumpha dzino kumamveka ngati nkhani yaing'ono kwa amene amapalasa mumsewu, poti kwa iye ndi kaphokoso chabe. Ganizirani munthu amene waima pa gudumu lakumbuyo m'mphepete mwa khoma, kutsogolo kuli danga loti alidumphe. Watsitsa thupi, wasiya buleki, waponda. Tcheni chalumpha. Phazi lapita pansi popanda cholikaniza, thupi lapita kale kutsogolo, njinga yatsala pomwe inali. Gudumu lakutsogolo limagwera m'dangamo, ndipo munthuyo amadutsa pamwamba pa mahandulo, nkhope patsogolo. Sapeza mpata ngakhale wotambasula bwino manja. Tcheni chikaduka zimakhalanso chimodzimodzi. Ndiye ndikamakamba za mamilimita awiri kapena atatu a kukhwefuka kwa tcheni, ndikukamba za mano ndi mafupa a munthu.

Palinso masamu a tcheni amene okonda mpata wogona sakonda kuwatchula. Iwo amati ubwino wina ndi woti umasankha wekha pamene gudumu likhale. Zoona, kutalika kwa kumbuyo kwa njinga kuli ndi ntchito. Pa njinga za mainchesi 26, kuchoka pakati pa mapedulo kufika pa ekiselo ndi mamilimita pafupifupi 380, ndipo gudumu likayandikira, kukweza kutsogolo kumapepuka, likatalikira njinga imakhazikika koma imalemera poidzutsa. Koma wosankha weniweni ndi tcheni. Kuchoka pa pini ina kufika pa inzake ndi mamilimita 12.7, ndipo mfundo zimachotsedwa ziwiriziwiri, yamkati ndi yakunja. Mukachotsa ziwirizo gudumu limasendera mamilimita 12.7, amene pa mafulemu ambiri ndi gawo lalikulu la mpata wonse. Mukasintha sipuloketi ndi dzino limodzi, limasendera mamilimita 3 ndi pang'ono. Ilipo mfundo yatheka imene imachepetsa kusenderaku ndi theka, koma tizitsulo take ndi topindika, timawongoka tikakokedwa mwamphamvu, ndipo okwera ambiri a trials safuna kuiona pa njinga yawo. Ine ndimagwirizana nawo. Kenako pali kutha kwa tcheni. Cha njinga yotere n'chotalika pafupifupi mita imodzi. Chikatha n'kutalikira ndi mamilimita 5, gudumu liyenera kubwerera kumbuyo mamilimita awiri ndi theka kuti chikungikenso.

Mamilimita awiri ndi thekawo amakafika ku buleki, ndipo apa ndi pamene mpata wogona umandidetsa nkhawa kwambiri. Buleki yakumbuyo yotchuka mu trials, makamaka pa mainchesi 26, ndi Magura HS33 ya ku Germany, yoyendera madzi kapena mafuta m'kapaipi, yofinya limu mbali zonse ziwiri. Okwera amachita kupala limu ndi makina onolera zitsulo kuti ikhale yokhakhala, mphira izigwira osaterereka. Mphira za buleki zimaikidwa pafupi kwambiri ndi limu, ndipo ziyenera kutera nkhope yonse nthawi imodzi. Buleki imamangidwa ku fulemu, sisuntha. Mukakokera gudumu kumbuyo, mphira zija zimapezeka zakwera cha ku tayala, ndipo zikafika pa tayala zimalicheka m'mbali. Gudumu likakhota pang'ono, mphira imodzi imakhula limu inzake ili patali. Pa buleki ya disiki, imene imapezeka kwambiri pa mainchesi 20, vuto limabwera m'njira ina: mphamvu ya buleki imakankha mbali yakumanzere ya ekiselo, ndipo mu trials imakankha uku ndi uku, chifukwa munthu akaterera m'mphepete mwa mwala buleki imakhala ikuletsa gudumu kubwerera m'mbuyo. Tcheni chikukoka kumanja, disiki ikukankha kumanzere, ndipo ekiselo ili m'kanjira kamene kamailola kuyenda.

Kumbukiraninso kuti matayala a trials amapopedwa mpweya wochepa kuti azigwira mwala ndi kudunda, choncho chubu chimaphulika kawirikawiri chikapanikizika pakati pa limu ndi ngodya ya khoma. Nthawi iliyonse imene mwachotsa gudumu mu mpata wogona, ntchito yonse ija iyambirenso: kukunga tcheni, kuwongola gudumu, kuona mphira. Mu mpata woimirira gudumu limatsika lokha mukamasula, ndipo mukalibwezera limakhala pomwe linali, buleki n'kupezeka ili m'malo mwake.

Tsono mpata woimirira umalipira chiyani? Umafuna chokungira tcheni, ndipo mbiri yoipa imene uli nayo inachokera ku zokungira zoipa. Zambiri zinkamangidwa pa kachitsulo kopachikapo chosinthira magiya, zolendewera kunja ndi pansi, pamalo enieni pamene khoma limamenya. Kachitsuloko kakapindika, tcheni chimayenda chokhota. Zina zinali zopanda sipuling'i, zongomangidwa kuti nji, ndipo zotero zimabweretsa vuto lomwe lija la pothina ndi pokhwefuka. Zina zinali ndi sipuling'i yofooka. Zina zinkakankhira tcheni pansi, n'kuchichotsa pa mano ena a sipuloketi yakumbuyo, imene ili kale ndi mano ochepa. Chokungira chabwino chimakankhira tcheni m'mwamba, kapena chimakhala ndi timagudumu tiwiri monga cha kampani ya Rohloff, kuti tcheni chikumbatire mano ambiri.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna muchimvetse bwino, chifukwa ndicho chimandichititsa kuima kumbali ya mpata woimirira. Mphamvu ya makilogalamu 320 ija imadutsa mu tcheni chapamwamba chokha. Chapansi, chobwerera kutsogolo, sichinyamula katundu. Chokungira chimakhala pansipo. Ntchito yake ndi kungogwira kukhwefuka kuti tcheni chisachoke pa mano, ndipo chikakhala cha sipuling'i chimatsatira chokha pothina ndi pokhwefuka, chimatsatiranso kutha kwa tcheni. Pomwe snail cam ndi manati zikulimbana ndi mphamvu yonse ya mwendo wa munthu, chokungira chikulimbana ndi kulemera kwa tcheni basi.

Umboni wake ndi woti okwera a trials amapanga chokungira ndi sipoko yakale. Amatenga sipoko imodzi, kuikulunga kangapo pa chitsulo chozungulira kuti pakati pake pakhale sipuling'i. Mbali yokulungidwayo amaiveka pa ekiselo, mchira wake umodzi n'kuukoletsa ku fulemu kuti isazungulire. Mchira winawo amaupinda ndi pulayala kuti ukatsamire pa tcheni chapansi, n'kuuveka kachidutswa ka paipi yapulasitiki kuti chitsulo chisadyane ndi chitsulo. Kulemera kwake n'kosawerengeka, imabisala mkati mwa fulemu kumene khoma silifika, ndipo ikathyoka mumapinda ina. Imagwira bwino ngati kukhwefuka kuli kochepa, choncho tcheni chiyenera kudulidwa kufika pa utali waufupi umene ungatheke. Chinthu chimene sipoko imodzi ingachithetse sindingachiyese vuto lalikulu kuposa gudumu loyenda lokha.

Ena amayesa kuzemba zonse posakasaka masipuloketi awiri amene angakwanirane ndendende ndi tcheni mu mpata woimirira, popanda chokungira. Zimatheka, koma kwa kanthawi, chifukwa tcheni chikangotha pang'ono mulibenso pokokera. Ena amapala mpata ndi tupa kuti ukule. Musatero. Mukuchotsa chitsulo pamalo amene amanyamula kutera kulikonse. Ilipo habu ya kampani ya White Industries ya ku America imene ekiselo yake ili pambali, moti mukaitembenuza gudumu limasendera ngakhale mpata uli woimirira, koma poti gudumu lasuntha, nkhani ya buleki ija yabwereranso.

Opanga mafulemu nawo akhala akulowera mbali yomweyi. Njinga zambiri zatsopano, monga za Crewkerz ya ku France ndi Inspired ya ku Britain, zilibenso mpata wotseguka. Zili ndi bowo lotsekeka, ekiselo yonenepa imalowa mbali ina n'kukapoteredwa mbali inayo, ndipo chokungira cha sipuling'i chinapangidwa limodzi ndi fulemu, chobisika pafupi ndi sipuloketi. Gudumu lili ndi malo amodzi okha.

Ine ndaima kumeneko. Munthu akandifunsa kuti pa mafulemu awiri ofanana atenge iti, ndimuuza atenge imene gudumu silisuntha, ayike chokungira cha sipuling'i yolimba chobisika bwino, makamaka ngati buleki yake ndi yofinya limu. Amene ali kale ndi fulemu ya mpata wogona asaitaye. Ayike tizitsulo togwira ekiselo mbali zonse ziwiri, osadalira manati okha, akunge tcheni potengera pothina, ndipo kukhwefuka kotsalako akugwire ndi sipoko ija. Akatero wapeza zabwino za mbali zonse. Ndipo asanakwere pa chilichonse chachitali, agwire gudumu ndi manja aligwedeze, azunguze pedulo, aone mphira.

Nkhaniyi ikutikhudzanso kuno, ngakhale njinga za trials siziwoneka m'misewu yathu. Njinga zamagiya zakaunjika zadzaza, ndipo chosinthira magiya chikathyoka, chizolowezi ndi kuchigulula, kudula tcheni, n'kuchiika pa sipuloketi imodzi. Pa mpata woimirira zimenezi zimabala mavuto awiri. Masipuloketi a njinga yamagiya anapangidwa ndi mano aafupi osemedwa dala kuti tcheni chizichoka mosavuta posintha giya. Chikakhala chokhwefuka chimagwera ku sipuloketi yaing'ono, ndipo chikakwera ku yaikulu chimathina mpaka kupinda ekiselo kapena kuduka. Vuto lachiwiri ndi loopsa kuposa pamenepa. Pofuna kuti tcheni chikungike, ena amamanga ekiselo isanafike kumapeto kwa mpata, ili chapakamwa. Gudumu lotero likugwiridwa ndi kachigawo chabe ka chitsulo, ndipo mnyamata akadumpha nalo ngalande likhoza kutuluka. Inu bambo okonza njinga, ekiselo ilowe mpaka ifike. Ngati chosinthira chakale chikadali ndi sipuling'i yamoyo, chibwezereni, muchimange ndi tizomangira take kuti chiime pansi pa sipuloketi imodzi. Chigwira ntchito ya chokungira bwino lomwe, ndipo simugula kanthu.

Kwa amene angapeze fulemu ya trials yogwiritsidwa kale ntchito, kumbuyoko ndi koyamba kuyang'ana. Pa mpata wogona, onani ngati manati anadya aluminiyamu n'kusiya maenje, chifukwa ekiselo izidzagwera m'maenje omwewo ngakhale mukufuna kuiika pena. Onani ngati mpata unakula pakamwa, ndiponso ngati kabawuti kotsamirapo snail cam kakadali kolimba m'bowo mwake. Pa mpata woimirira, onani ngati kachitsulo kopachikapo chokungira n'kochita kumangirira, koti kakapindika mungasinthe, kapena n'kamodzi ndi fulemu. Pa mitundu yonse iwiri, pukutani dothi ndi girisi pamene tizitsuloti tinawotchereredwa ku mapaipi a fulemu, muunike ndi tochi. Kamzere kakuda kopyapyala m'mphepete mwa powotcherera ndi mng'alu. Mafulemu ambiri a trials ndi a aluminiyamu, ndipo aluminiyamu yotere ikawotchereredwa imafooka pamalopo pokhapokha fulemu ikalowenso mu uvuni wa kufakitale, choncho wowotcherera wa pamsika sangaibwezere mphamvu yake. Mukaona mng'alu pamenepo, fulemuyo isiyeni ngakhale mtengo wake utatsika chotani.